Maenje a mu Seputembala

Mabuku awiri a kafukufuku anafika patebulo langa Lolemba m'mawa, tiyi ndisanamwe. Onse anali a chikuto chakuda, onse a masamba 64, onse onena za ulimi wa ngoro, wolima m'maenje, kumapiri a Mbinga. Kusiyana kwake kunali dzina lokha. Lina linalembedwa Gervas Mrema, linalo Avelina Kapinga.

"Kompyuta yati akufanana liwu ndi liwu," anatero Profesa Lukindo, wapampando wa komiti yathu yosungitsa mwambo. Anayankhulira pakhomo, makiyi a galimoto akulira m'manja. "Mnyamatayu anapereka pa 3 Julayi, mtsikanayu pa 12. Tikhala Lachisanu. Ingokonzani mapepala, Mama Hyera, mlandu wake ndi wosavuta."

Ine ndine mlembi wa komitiyi, ndipo m'zaka makumi awiri ndi ziwiri ndaona kuti mlandu umakhala wosavuta kwa munthu amene sanauwerenge. Lamulo la yunivesite yathu silizungulira. Wopezeka atabera kafukufuku wa mnzake amachotsedwa sukulu, zimene ana amati kudisiko, ndipo sabwereranso. Avelina anatsala ndi miyezi inayi yokha kuti avale gauni.

Ndinatsegula buku lake kuti ndingowerenga masamba, koma ndinakakamira pa chithunzi cha tsamba lachisanu. Phiri lonse linali maenje okhaokha, kuyambira kumtsinje mpaka kumene kumathera maso, ngati chisa cha njuchi, nyemba zitabiriwira m'mphepete mwa dzenje lililonse. Kwathu ndi komweko, ku Litembo. Kuno ku Dodoma ndakhalako mpaka imvi, koma mphepo yake youma ija, yodzaza mchenga m'mano, sindinaizolowere. Ndinakhala ndikuyang'ana chithunzicho mpaka tiyi anazizira, ndipo ndinalakalaka kwathu.

Kenako ndinayamba kuwerenga mofatsa, pensulo ili m'manja.

*

Woyamba kumuona anali Dokta Mwakatobe, amene ankayang'anira kafukufuku wa ana awiriwa. Ndinamupeza atakwiririka ndi mapepala, akudya chapati ndi dzanja limodzi.

"Mama, musandiyang'ane choncho. Ana makumi anayi ndi atatu, mutu umodzi. Makumi anayi ndi atatu! Mukufuna ndiziloweza chiganizo chilichonse?"

"Sindinanene kanthu, Dokta. Onse awiri munawapatsa mutu umodzi wa kafukufuku?"

"Mitu yoyandikana, za kuteteza nthaka. Mtsikanayo anasankha ngoro kalekale, mnyamatayo anadzabwera pambuyo n'kuti naye akufuna kumeneko. Ndinati pitani, phiri ndi lalikulu."

"Zolemba zawo zinkakupezani bwanji?"

"Pa fulashi. Mkulu wa kalasi amatolera za onse, amandipatsa, ine ndimakonza ndikapeza mpata."

"Munaupeza?"

Anameza chapati movutikira. "Ndinapeza wa ena."

"Mkulu wa kalasi ndani?"

"Gervas yemweyo." Anaima kutafuna, kenako anagwedeza dzanja ngati akuthamangitsa ntchentche. "Ayi, ayi, musathamange. Mnyamatayo ali ndi kalata ya chilolezo, chidindo cha ofesi ya boma ku Mbinga chili pomwepo, cha mu Seputembala chaka chatha, nthawi ya tchuthi chachikulu. Mtsikanayo alibe kalata, alibe chidindo, alibe kalikonse. Ndinamufunsa kuti unapita liti, anangoyang'ana pansi. Ndithandize bwanji munthu wosafuna kuthandizidwa?"

*

Gervas anabwera Lachiwiri nthawi isanakwane. Anavala tayi, ndipo fungo la mafuta ake linalowa kaye iye asanalowe.

"Mayi anga, mwadzuka bwanji? Mukuoneka wotopa, ntchito ikukuchulukirani. Ine nkhani imeneyi yandipweteka kwambiri. Avelina ndimamutenga ngati mlongo wanga."

"Ndiye mlongo wakoyo analipeza bwanji buku lako?"

"Kosindikizira, mayi anga. Pakompyuta ya kumeneko aliyense amasiyapo zake. Inenso ndinalakwa, ndimakhulupirira anthu mopitirira."

Anatulutsa kalata ya chidindo ija ndisanaifunse n'kuiyala patebulo. Chidindo chinali chenicheni, cha pa 9 Seputembala.

"Unakhalako nthawi yaitali bwanji?"

"Masabata atatu. Anthu abwino zedi, mayi anga. Khofi wawo, eee!"

Ndinatsegula tsamba 31. "Apa mwalembedwa kuti wofufuza sanangoonerera, anagwira khasu n'kukumba nawo, ndipo tsiku lina anakumba maenje khumi ndi anayi. Ndiwe ameneyu?"

"Ndine ndithu." Anaseka n'kutambasula zikhato zosalala ngati za wansembe. "Matuza anapola, koma ndinaona zakuda. Tinkapikisana ndi azibambo a kumeneko, iwo dzenje, ine dzenje. Ankandiseka kuti wa m'tauni uyu afa lero."

"Azibambo."

"Eya. Amphamvu ngati ng'ombe."

"Mu Seputembala."

"Fumbi lake, mayi anga, musanene."

Ndinalemba zonse monga ananenera, ndinamuwerengera, anasayina mokondwa n'kundifunira tsiku labwino. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Iye sankadziwa kuti dzina loti Hyera ndi la kumapiri komweko.

Kwathu mwamuna sakumba ngoro. Ntchito yake ndi kumweta udzu, kuusiya uume, n'kuundanditsa m'mizere yopingasana. Akatero wamaliza, akhoza kukakhala pamwala. Kukumba pakati ndi kukwirira udzuwo ndi dothi ndi ntchito ya akazi, ndipo mwamuna wopezeka m'dzenje ndi khasu amamuimba nyimbo mpaka adzukulu ake. Komanso ngoro amakumba mu Malichi ndi Epulo, mvula ikamapita kumapeto, nthaka ili yofewa. Mu Seputembala nyemba zimakhala zili m'matumba, ndipo phiri limauma gwaa moti khasu limangodumpha.

Ndinathamangira ku ofesi ya dipatimenti yawo mtima uli m'malere, kukatenga mapepala amene ana amasayina akalowa m'kalasi. Ndinkafuna kungotsimikiza kuti Avelina kunalibe m'miyezi yokumbayo. Ndinawayala pawindo n'kutsata ndi chala. Kuyambira pa 17 Malichi, tsiku lotsegulira, mpaka kumapeto kwa Epulo, dzina lake linali losayinidwa tsiku lililonse.

Ndiye kuti mwa awiriwa panalibe amene anali kumunda nthawi yokumba.

*

Avelina anafika Lachitatu. Anali wamfupi, wakuda bwino, atavala siketi yotuwa ndi juzi ngakhale kunkatentha. Anakhala kunsonga kwa mpando.

Ndinatseka chitseko n'kumulonjera m'chinenero cha kwathu, chimene ndinali nditatha zaka osachiyankhula ndi munthu maso ndi maso. Lilime linandilemera. Iye anadzidzimuka n'kudzutsa nkhope, ndipo anayankha monga mwana woleredwa amayankhira wamkulu. Mawu ochepa okhawo anandinunkhira utsi wa nkhuni zonyowa.

"Ndione manja, mwana wanga."

Anazengereza, kenako anawatambasula. Pansi pa zala panali zikang'a zolimba, za khasu la mpini waufupi.

"Buku ili ndi lako."

"Lembani kuti ndinabera, mama."

"Sindilemba bodza. Unakumba liti?"

"Pa tchuthi."

"Tchuthi chake chiti? Usandipusitse ngati ndine wa kuno. Unakumba mu Malichi, ndipo mapepala akuti mu Malichi unali m'kalasi. Ungakhale bwanji kuwiri?"

Anayamba kupotokola ulusi wa juzi.

"Ukudziwa kuti Lachisanu akuchotsa? Zaka zitatu zipita m'madzi, ndipo ntchito yakoyi ikakhala m'laibulale ndi dzina la munthu wosadziwa kumene khasu amagwirira."

"Ndikudziwa."

Ndinatsegula tsamba 40. Malamulo salola kutchula maina a anthu ofunsidwa, choncho aliyense amangopatsidwa nambala. Ndinawerenga mokweza. "Woyankha woyamba, mayi wa zaka 58, anati: Udzu anamweta ana anga aamuna, uli gone m'mizere ukundidikira. Ndikapanda kuukwirira mwezi uno, mvula itsitsa munda wonse kumtsinje, ndipo chimanga cha mu Disembala tidzadzala pamwala." Ndinatseka buku. "Mayi ameneyu ndani?"

Anaimirira, anagwira chitseko, ndipo anayankha atandifulatira.

"Anamwalira mu Juni. Chonde, mama, musafufuzenso. Mupweteka munthu wosalakwa."

*

Munthu wosalakwayo ndinamupeza pamapepala omwe aja. Ndinali nditayang'ana dzina lokha, osayang'ana inki. Kwa masabata atatu oyambirira, siginecha ya Avelina inali ya cholembera chobiriwira, ndipo pa 7 Epulo inabwerera ku chakuda. M'kalasi monsemo munthu mmodzi yekha ndiye ankalemba ndi chobiriwira, Zuhura Mbwana, ndipo kaundula wa kogona anandiuza kuti awiriwa amagona chipinda chimodzi.

Ndinapita masana dzuwa lili paliwombo. Nditagogoda ndinamva chiwaya chikukankhidwira kunsi kwa bedi, koma fungo la anyezi silibisika.

"Sindinabwerere mbaula yako," ndinatero. "Tulutsa zingapserere."

Zuhura anali wamtali, wa ku Tanga, mpango wapinki kumutu, pakamwa pake posatseka. "Mama, mwanditha mtima! Ndimayesa woyang'anira hositelo. Khalani apa, pabedi la Avelina, langali lili ndi zovala. Mwiniwake wapita kutchalitchi, masiku ano akungokhalira komweko, kaya akufuna usisitere."

Ndinamuonetsa mapepala, chala changa chili pa inki yobiriwira. Anayang'ana, anayang'ananso, kenako anaseka mouma.

"Cholembera chimenechi amayi anga ananena kuti chidzandigwiritsa. Eya, ndinasayina ndine. Mukanatani inu? Foni inabwera tili pa tchuthi chachifupi chija, akuti mayi ake sakutha kudzuka, miyendo yatupa. Kwawoko mwana wamkazi ndi iye yekha. Azichimwene ake atatu, zimphona, akuti ife tamweta kale, kukumba si kwathu. Ine ndinati bwanji osawamenya ndi khasulo? Iye akuti sungamvetse. Anapempha chilolezo kwa mkulu woona za ophunzira, anamuuza kuti abweretse kalata ya kuchipatala. Kalata iti, munthu akudwalira pamphasa? Ndiye ndinati pita, kuno ndikhala Avelina ndine."

"Ndipo kafukufuku anachitira komweko."

"Masana kukumba, madzulo kufunsa azimayi anzake a mayi ake. Mayiwo ankawanyamulira kumunda, kuwakhazika pamthunzi, iwo n'kumamuwerengera maenje. Anabwerako manja ngati khungwa la mtengo."

"Gervas anadziwa?"

"Amatolera mapepala ndi iyeyo, angalephere? Anangonditsinzinira diso, akuti tonse ndi anthu." Anatembenuza anyezi. "Koma mwavutikiranji ndi zakalezi? Avelina wandiuza kuti nkhani ya Lachisanu ndi yaing'ono, kompyuta inasokoneza, angokonza."

"Wakuuza choncho?"

"Eya."

"Lachisanu akumuchotsa sukulu. Gervas anapereka buku la Avelina ngati lake. Chomupulumutsa ndi kunena kumene anali mu Malichi, ndipo akukana, chifukwa akanena, funso lotsatira ndi lakuti anamusayinira ndani."

Supuni inagwera m'chiwaya. Zuhura anakhala pansi penipeni, pasimenti.

"Wosayinira mnzake amamutani?" anafunsa pambuyo pake.

"Akakomera mtima, chaka chimodzi kunyumba. Akaipa, naye amapita. Sindingakulonjeze kanthu, ine ndimangolemba."

"Bambo anga anagula kale nsalu ya mwambo wa gauni. Banja lonse, mpaka azakhali a ku Pangani." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Chitsiru cha kumapiri chimenechi. Chimagona apo, ine apa, usiku uliwonse, osandiuza? Chimafuna ndidzavale gauni chili kwawo chikukumba maenje?"

Sindinamuuze chochita. Ndinatsika masitepe n'kuyenda pang'onopang'ono kudutsa bwalo lopanda udzu. Inenso uthenga wotere unandipezapo, ndili chaka chachiwiri kusukulu ya ulembi ku Tabora. Amayi analembetsa kwa katekisiti kuti msana wawakanika, udzu uli m'mizere. Ine ndinawerenga malamulo a sukulu, ndinaona mayeso ali pafupi, ndinayankha kuti ndidzabwera mu Juni. Ndinakhoza bwino kwambiri. Munda unatsika ndi mvula chaka chimenecho, ndipo amayi sanakumbenso mpaka kufa kwawo. Palibe komiti imene inandiitana, koma mlanduwo ndimauzenga ndekha chaka chilichonse mvula ikamatha.

*

Lachisanu komiti inakhala anthu asanu, ine kumapeto kwa tebulo ndi kope langa. Mlembi safunsa mafunso, choncho ndinali nditalemba atatu pakapepala n'kuwaika pansi pa magalasi a Profesa Lukindo. Anawawerenga, anandiyang'ana pamwamba pa magalasiwo, n'kutsokomola.

"Bwana Mrema, akuti munakumba maenje khumi ndi anayi tsiku limodzi?"

"Zoona, Profesa."

"Pamodzi ndi azibambo, mu Seputembala?"

"Monga ndinalembera."

"Tsamba 33 la buku lanu lomweli likuti wofufuza ankaterereka m'matope, ndipo kawiri ntchito inaima chifukwa cha mvula. Ku Mbinga mu Seputembala kumagwa mvula?"

Gervas anakonza tayi. "Nyengo inasintha, Profesa, masiku ano..."

"Tsamba 12 likuti kukumba ndi ntchito ya akazi okha. Munawerenga buku lanuli?"

Wina mwa akomiti anaseka n'kudzigwira pakamwa. Avelina anali atakhala kukhoma, maso ali pamaondo.

"Funso lomaliza. Woyankha woyamba ndani?"

"Gogo wina wake, Profesa. Anali ambiri, sindingakumbukire aliyense."

Avelina anatulutsa kamawu kakang'ono ngati wapondedwa. Gervas anamva, anayang'ana nkhope za akomiti, ndipo anaona kuti madzi afika m'khosi. Ulemu wonse uja unathera pomwepo. Anasolola foni n'kuiponya patebulo.

"Chabwino! Ngati iyeyu anali kumunda mu Malichi, ndiye ankasayina m'kalasi ndi mzukwa? Zithunzi za mapepala osayinawo ndi izi. Tifere limodzi!"

Khoswe wa padenga anaulula wa padzala. Koma anachedwa, chifukwa chitseko chinali chitatseguka kale.

"Mzukwawo ndine," anatero Zuhura. Anali atavala diresi lakuda la mwambo, cholembera chobiriwira chili m'manja. Anachiika patebulo pafupi ndi foni ija. "Zuhura Mbwana, chaka chachitatu. Masiku khumi ndi asanu, ndinasayina ndine, palibe anandikakamiza. Ndipo iwe Gervas, foni yako ikadali ndi mauthenga amene unkamuopseza nawo mnzangayu kuti akayankhula undiulula, kapena ndiwerenge a mufoni yake? Ndawapeza dzulo akusamba."

"Zuhura, ndinakuuza kuti..." Avelina anaimirira.

"Sunandiuze kanthu, ndiye vuto lakelo. Khala pansi."

Anatitulutsa tonse kupatula akomiti, ndipo anakambirana maola awiri. Pondiitana kuti ndilembe chigamulo, Profesa anali atavula jekete. Gervas Mrema anachotsedwa. Zuhura Mbwana anaimitsidwa chaka chimodzi chifukwa chosayinira mnzake. Avelina Kapinga anaimitsidwa chaka chimodzi chifukwa chojomba masabata atatu popanda chilolezo ndi kulola kusayiniridwa. Mmodzi mwa akomiti anapempha kuti amukhululukire Avelina, koma Profesa anati lamulo likapindika lero, mawa adzabwera ana zana ndi minda zana. Sindinamutsutse. Ndinangopempha kuti m'kalata ya mtsikanayo muwonjezedwe chiganizo chimodzi, ndipo anavomera.

*

Atsikana awiriwa anadzatenga makalata awo Lolemba. Zuhura anawerenga yake ataimirira n'kuipinda kanayi.

"Nsalu ija azakhali asokere makatani," anatero. "Ndikukudikira panja, iwe. Usachedwe, ndisanayambe kulira pamaso pa anthu."

Avelina anakhala pampando womwe uja. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Atafika pa chiganizo chomaliza anaima n'kuchiwerenga mokweza: "Komiti yatsimikiza kuti kafukufuku wa ulimi wa ngoro ndi ntchito ya Avelina Kapinga, ndipo adzasungidwa m'dzina lake."

"Ndinakuwonongera mnzako," ndinatero. "Unandipempha kuti ndisiye, sindinasiye."

"Akuti akadamva mochedwa sakadandiyankhulanso mpaka kufa." Anasisita kalatayo pabondo. "Chaka si kanthu, mama. Amene ndinkathamangira kuti adzaone gauni kulibe."

"Ankaifuna kwambiri?"

"Ankafuna chithunzi chokha, choti apachike pafupi ndi cha ukwati wawo. Tsiku lomaliza kumunda ndinawauza kuti pirirani, Novembala si kutali, mudzabwera ku Dodoma mudzaone ndi maso. Anandiseka. Anati ku Dodoma ndikatani ine, kopanda phiri? Akuti iwe malizitsa mzere uwu, dzuwa likupita."

"Unamaliza?"

"Ndinamaliza wonse. Nyemba zinabereka kuposa chaka chilichonse." Anaimirira n'kuika kalata m'chikwama. "Tinaphikira anthu pamaliro awo."